Chipewa cha Bloodsail ndi ngongole ya ku Booty Bay

Lachitatu usiku.

Nkhani ya mnyamata watsopano uja wa m'gulu lathu la gemu ya pa intaneti ya World of Warcraft yakana kuchoka m'mutu. Walemba pamacheza a gulu kuti, "Achimwene, gemu yaonongeka. Ndikangoponda ku Gadgetzan alonda akundikwapula, koma ine sindinawalakwire kanthu." Pomufunsa zomwe wakhala akuchita sabata ino, wati amapha alonda a ku Booty Bay, mudzi wina wa m'gemumo, pofuna chipewa cha ambanda a panyanja a Bloodsail.

Gemu ili bwinobwino. Mlonda mmodzi wa ku Booty Bay ukamupha, a Bloodsail amakupatsa mapointi 25 a mbiri yako kwa iwo, pomwe a Booty Bay amakuchotsera 125. Chipewacho chimafuna kuti mbiri yako kwa a Bloodsail ifike pa khwerero lotchedwa Friendly. Tingowerenga kagawo kotsiriza kokha, kochoka pa Neutral kufika pa Friendly: mapointi 3,000, kutanthauza alonda 120, kutanthauza ngongole ya 15,000 ku Booty Bay. Ndiye Booty Bay siili yokha. Ili m'bungwe limodzi la amalonda, Steamwheedle Cartel, pamodzi ndi Gadgetzan, Ratchet ndi Everlook, moti ukaputa mudzi umodzi gawo lina la chilangocho limakafika kwa enawo. Mnyamatayo amangoyang'ana mzere umodzi wa mbiri womwe ukukwera, inayi yomwe ikutsika osaiona, chonsecho yonse ili patsamba limodzi.

Ndamufotokozera makwerero ake. Pansi penipeni pali Hated, dzenje la mapointi 36,000. Kenako Hostile ndi Unfriendly, 3,000 aliyense. Pamwamba pa Neutral pali Friendly, ndiye 6,000 kuti ufike pa Honored, 12,000 kuti ufike pa Revered, 21,000 kuti ufike pa Exalted. Kuchoka pa ziro mpaka pamwamba ndi 42,000. Pa Unfriendly sakugulitsa kanthu koma sakumenya. Ukatsikira pa Hostile ndi pomwe amakulumphira akangokuona. Iye wati, "Ndiye ndingopepesa bwanji?" Kupepesa kulipo, koma nkogula: nsalu za silika 40 ndi utoto wofiira unayi, kupereka kwa munthu amene amaima kunja kwa Booty Bay, mobwerezabwereza. Ulendo uliwonse mbiri yako kwa a Bloodsail imatsikanso. Wakhala chete kanthawi, kenako wati chipewacho sichikongolanso.

Chomwe chandisowetsa mtendere si iyeyo ayi. Ndi mnzathu wina wakalekale amene walowerera nkuti zonsezi nzachabe, mbiri ya magulu ndi njira yongotichedwetsera kuti tizikhalitsa pa kompyuta. Penapake akunena zoona. Ntchito zatsiku ndi tsiku zokhala ndi malire a mapointi cholinga chake nchomwecho, kuti katundu wa pa Exalted asapezeke m'masiku awiri. Koma kulumikiza zimenezo ndi nkhani ya Bloodsail nkusakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Pali mbiri yongokwera, yomwe aliyense amafika pamwamba bola akhale ndi nthawi. Palinso mbiri yokhala ndi mdani, yomwe ukakondweretsa uyu wakwiyitsa uyo. Yachiwiriyi ndiyo imapangitsa kuti dziko la m'gemu likukumbukire.

Mu The Burning Crusade, gawo lowonjezera la World of Warcraft la 2007, mumzinda wa Shattrath umayenera kusankha pakati pa magulu awiri odana, Aldor ndi Scryers. Ukapeza mapointi 100 kwina, kwinako umataya 110. Khumi lowonjezeralo analiika dala kuti pasapezeke wodya uku ndi uku. Ndipo kusankhako kunali ndi phindu lenileni, chifukwa mbali iliyonse inali ndi maphunziro ake a zopangapanga komanso zolimbitsira zovala za paphewa. Gemu ina, EVE Online, imachita zofanana ndi manambala ochoka pa -10 kufika pa +10: kuti upatsidwe ntchito za levulo 4 pamafunika 5.0, koma ukamagwirira ntchito ufumu umodzi adani ake amakutsitsa, ndipo ukafika pa -5 asilikali awo amayamba kukusaka m'dera lawo. EverQuest, gemu ya 1999, poyamba sinkaonetsa ngakhale nambala. Umangolemba /con nkuwerenga mmene munthu wa m'gemu amene wamuloza akukuyang'anira.

Ndikuvomereza, mbali ina ya mtima wanga imakonda njira yakaleyo. Nambala ikaonekera poyera anthu amasiya kuona gulu, amangoona masamu. Koma popanda nambala mnyamata ujayu akanadziwa bwanji chomwe chamuluma? Ngakhale inalipo sanaiwerenge.

Sindikudziwa kuti nthawi ili bwanji tsopano, tiyi wazizira kalekale. Mkanganowo sunathe. Mnzathuyo watchula dzina laulemu la "the Insane", lomwe limafuna Honored kwa Bloodsail ndi Exalted ku midzi inayi ya Steamwheedle, kuwonjezera magulu ena awiri, Ravenholdt ndi Darkmoon Faire, ati umenewo ndi umboni woti nzopenga. Ine ndimaona ngati ndi umboni wa mbali yanga, poti chimavutitsa pamenepo ndi kukonza zomwe waononga wekha. Tinasiyira pomwepo.

Mnyamatayo wabweranso mochedwa kufunsa ngati wina ali ndi silika wotsala. Ati wawerengera, ndipo sakufuna kunena kuti ndi mitolo ingati.