Usipa wa apongozi m'dilaya

Kuno ku Leeds, ku England, dzuwa la mu Disembala timangolimvera mphekesera. Pofika 4 koloko masana mdima wagwa kale, ndipo chovala ukayanika panja umakachipeza chonyowa kuposa mmene unachisiyira. Ndiye tonse timadalira dilaya, makina oumitsira zovala aja.

Apongozi anga anabwera kuchokera ku Nkhotakota kudzaona mdzukulu wawo. M'chikwama mwawo munali ufa woyera, zitenje ndi jumbo yodzaza usipa.

Tsiku la nkhaniyi ndinali ndi shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito. Ndinachapa yunifomu, kuiponya m'dilaya, kudina batani, n'kukakhala pampando kudikira nsima. Posakhalitsa mphuno inayamba kundinong'oneza zinthu. Fungo la kupserera, koma losakanikira ndi lina lake lomwe linandikumbutsa kudoko.

Ndinathamangira kukhitchini, mapoto onse ali bwinobwino. Kenako alamu ya utsi inayamba kulira, mwana naye n'kulandirira nyimbo. Akazi anga anatulukira m'bafa sopo ali kumaso, akukuwa kuti, "Imbani 999!" Ine foni ili m'manja koma ndikuifunafuna m'matumba.

Nzeru zitabwerako ndinazimitsa dilaya n'kuzula pulagi pakhoma. Lawi panalibe, utsi wochepa chabe, ndiye ozimitsa moto sitinawavutitse. Makina atazizira ndinatsegula chitseko. Abale, fungo lomwe linatuluka mmenemo! Pakolala ya yunifomu yanga panali kamutu ka nsomba, kakundiyang'ana ndi diso limodzi.

Apongozi anafika pang'onopang'ono, manja kumbuyo.

"Amayi," ndinatero nditatsitsa mawu, poti apongozi safunsidwa ngati wakuba, "kapena mwaonako amene anagwiritsa ntchito makinawa?"

"Ndine, bambo. Usipa uja unayamba chinyezi. Dziko lanu lino dzuwa kulibe, ndiye ndinaumanga m'chitenje n'kuuika mmenemo m'mawa muja. Si oumitsira kodi?"

Ndikanayankha chiyani? Mawu awo analibe bodza. Chitenjecho chinamasuka makina akuzungulira, iwo n'kutola zomwe anaziona, zotsalazo n'kundisiyira ine.

M'mawa mwake mwininyumba anatumiza mmisiri. Mkuluyo anasolola sefa ya pakhomo pa dilaya, ija ine ndinkaiyesa chokongoletsera, n'kuchotsamo bulangete lathunthu la tiubweya ta nsalu, lothiridwa mamba ndi timichira. Anatifotokozera kuti tiubweyati tikatseka sefa mpweya suyenda, makina amatentha mopitirira, ndipo tikafika pa waya wotenthetsa uja timayaka msanga. Mafuta a nsomba ndiye amangokolezera. Anati sefa ichotsedwe zinyalala nthawi iliyonse tikaumitsa zovala, nsalu zomwe zakhudza mafuta zisalowemo, ndiponso makinawo asamasiyidwe akuzungulira tikamagona kapena kuchoka pakhomo. Apongozi ankagwedeza mutu mwaulemu, Chingerezi cha ku Yorkshire chikungowadutsa pamwamba.

Atatsegula kumbuyo kwa makina anatulutsa tinsomba tina tokazingika bwino, n'kutinyamula ndi zala ziwiri. Anati pa ntchito yake wachotsamo ndalama, mawaya a m'kamisolo ndi zotsekera zolembera, koma ndiwo anali asanakumane nazo. Apongozi anafunsa kuti mzunguyo akuti chiyani. Akazi anga anawamasulira kuti akuyamikira nsomba za m'nyanja ya Malawi. Nthawi yomweyo anakamupakulira usipa m'kapepala, iye n'kulandira ndi nkhope ya munthu amene wapatsidwa samani.

Za usiku uja, nthawi yochapanso yunifomu panalibe. Ndinaipopera perefyumu wa akazi anga n'kuthamangira basi, ndipo m'basimo mpando woyandikana nane unakhala wopanda munthu ulendo wonse. Kuntchito gogo wina amene sakonda kuyankhula ndi aliyense anandigwira mkono, kundinunkhiza, n'kumwetulira. Anafuna kudziwa ngati m'mawa kudzakhala kippers, nsomba zowamba zomwe Angerezi amadyera kadzutsa, ndipo anandilamula kuti ndimusungire ziwiri.