Ndinapsereza phiko ndi moto wozizira

Amene anayamba kunena kuti plasma ya pa phiko la ndege, mpweya wowala womwe magetsi amphamvu amayatsa, ndi "yozizira" ndikanakonda nditakumana naye, tikambirane ngati akuluakulu. Ine ndinamukhulupirira, ndipo phiko loyeserera lomwe pulinta ya 3D inalipanga kwa maola 19 linapita choncho.

Kachipangizo koyatsira plasmayo sikovuta kupanga, n'chifukwa chake kamapusitsa. Mumamata mzere wa tepi ya mkuwa pa phiko. Pamwamba pake mumayala tepi ya Kapton, yachikasu yosalola magetsi kudutsa, katatu, mosasiya mpweya pakati. Kenako mzere wina wa mkuwa pamwamba, koma mousendezera kutsogolo kuti pothera wapamwamba pakhale poyambira wapansi. Mukapatsa magetsi osinthasintha a makilovoti 12, ogunda ka 5,000 pa sekondi, m'mphepete mwa mkuwa wapamwamba mumayaka kuwala kwa pepo, kolira ngati udzudzu, ndipo kamphepo ka mamita awiri kapena atatu pa sekondi kamakwawa pa phikopo. Ntchito yake n'kugwira mphepo kuti isathawe pamsana pa phiko.

Chomwe mabuku amanena chapansipansi n'chakuti pa magetsi onse omwe mwalowetsa, gawo lokankha mphepo silifika n'komwe limodzi pa 100. Ambiri otsalawo amasanduka kutentha, kwina mu mpweya, kwina mu tepi. Mawu oti yozizira amangotanthauza kuti maelekitironi, tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi, ndiwo atentha kwadzaoneni pomwe mpweya sunafike pokhala lawi. Kunena mosabisa, kachipangizoka ndi mbaula yodzitcha fani.

Phiko langa linali la pulasitiki ya PLA, ndipo tepi ndinamata chakumchira, pomwe pulasitikiyo ndi yopyapyala ngati chikhadabo. PLA imayamba kufewa pa madigiri 60. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, n'chifukwa chake ndinabwereka kamera yoona kutentha, n'kuiloza pa mkuwa, ine nditaima kuseri kwake. Lolemba inati madigiri 31. Lachiwiri, 32. Ndinalemba zonse m'kope, mtima uli m'malo.

Lachitatu ndinakhuta nzeru. Ndinakweza magetsi kuchoka pa 12 kufika pa 16. Mutu unkandiuza kuti ndangoonjezera pang'ono, osadziwa kuti njala ya kachipangizoka siikula mofanana ndi mavoti: kukweza kotereku kumachulukitsa mphamvu yodyedwa pafupifupi katatu. Kenako ndinazimitsa chifani cha m'ngalande yoyeseramo mphepo kuti ndijambule zithunzi za utsi woonetsa mayendedwe a mphepo, plasma ikuyakabe. Apa ndiye panagona tsoka. Mphepo ija, yomwe ndinkaiona ngati chinthu choyesedwa chabe, ndiyo inkaziziritsa phiko masiku onsewa. Mphindi khumi ndikusintha magalasi a kamera, mchira wa phiko unafewa ngati chigumu chotentha, n'kuweramira pansi. Nditayatsanso fani, unazizira n'kuuma uli chowerama chomwecho.

Sikelo yoyeza mphamvu yonyamula inalumpha. Ndinayezanso, yalumphabe. Abale, ndinaona dzina langa m'mabuku. Ndinathamanga masitepe awiriawiri kukaitana apulofesa, m'njira ndikukonza kale mawu othokoza makolo.

Anabwera ndi kapu ya tiyi m'manja, pambuyo pawo a tekinishani, bambo wachikulire wosaseka wamba. Apulofesa anayang'ana manambala nthawi yaitali.

"Zosangalatsa," anatero. "Tazimitsani plasmayo tione."

Ndinazimitsa. Manambala sanasunthe.

"Mwazimitsa?"

"Ndazimitsa, apulofesa. Mwina... mwina mphepo ikukumbukirabe."

A tekinishani anatsokomola ngati atsamwa. Ine pofuna kuwombola ulemu wanga, ndinayatsanso n'kukweza pang'ono. Kapton yokha imapirira moto, koma guluu wake amalefuka msanga, ndipo pomwe phiko linapindika tepi inali itatukuka, kathumba ka mpweya kali pansi. M'kathumba kotere mumayaka plasma yakeyake, n'kumadya tepi kuchokera mkati. Tepi ikatentha imamwanso magetsi ambiri, n'kutentheratu. Kuwala kosalala kuja kunasonkhana malo amodzi, kadontho koyera, kenako phaa! Kabowo kakuda ngati ka singano, fungo la ozoni losakanikirana ndi la pulasitiki yopsa, tiyi wa apulofesa ali pa nsapato zawo.

A tekinishani anazimitsa magetsi, n'kugunditsa waya wa pansi pa mkuwa kuti otsalira atuluke, kenako anagoneka lula pamsana pa phiko. Pansi pa lulayo pankalowa chala.

"Mwanawe, simunatulukire kanthu. Mwangopinda mchira. Ndege zonse zimachita zimenezi potera, koma zimagwiritsa ntchito mahinjesi."

Anandikhazika pa situlu n'kundiwerengera ngati mwana wa sitandade wanu. Pa pulasitiki sipamatidwa chinthu chotere popanda kambale ka galasi kapena ka seramiki pansi pake. Fani ikazima, plasma izime kaye. Ngati mukufuna mavoti okwera, muziyatsa modukizadukiza, gawo limodzi pa magawo khumi a nthawi, osati mosalekeza. Waya woyezera kutentha usayandikire, umakoka mphenzi n'kunama manambala. Ndipo potentha kwambiri si pa mkuwa, koma pa tepi, mamilimita ochepa kuchokera m'mphepete mwake.

"Koma bambo, kamera inkati madigiri 32," ndinadziteteza, kope lili m'manja.

"Munailoza pati?"

"Pa mkuwa."

"Wonyezimirawu?"

Anandiimika pomwe ndinkaima masiku onse aja, magetsi ali chizimire, phiko litazizira. Kamera inati 32. Anandikokera pambali. Inatsika kufika pa 21. Anandibwezera. 32.

Mkuwa wopukutidwa sutulutsa kutentha kwake kuti kamera ikuone; kwa kamerayo ndi kalilole basi. Mumayenera kuupaka utoto wakuda wosawala, kapena kuloza pa Kapton. Masiku atatu athunthu, mphindi zisanu zilizonse, ndinkayeza kutentha kwa chipumi changa. A tekinishani anatsegula kope langa, n'kuloza pomwe manambala a Lachiwiri anakwera ndi digiri imodzi cha m'ma 1 koloko, n'kufunsa ngati nkhomaliro ya tsikulo inali ndi tsabola.