Mpikisano wa sabata yatha ndi vuto la maboti opulumutsira anthu

Sabata yathayi ndinali pa mpikisano wa mabwato a matanga a gulu la ILCA 7, omwe ambirife timawatchulabe kuti Laser, ndipo masiku oyambirira anadutsa monga mwa nthawi zonse: kuyezetsa thanga ndi mlongoti, kudikira mphepo pagombe, kenako kulowa m'madzi. Mphepo inali yofooka moti oweruza ankangoimba wezulo pa lamulo 42, loletsa kuyendetsa bwato poligwedeza kapena kupopa thanga, koma ine ndinamaliza bwino ndipo ndinali pakati pa otsogola.

Lachinayi ndilo landilembetsa izi. Pofika masana mphepo inali itapitirira ma knot 25 (liwiro la makilomita pafupifupi 46 pa ola), mafunde akuswekera m'bwato, ndipo aliyense amene anakwerapo Laser akudziwa kuti thanga la masikweya mita 7 pa bwato lolemera makilogalamu osakwana 60 silichedwa kumugubuduza munthu pamene mphepo ikuchokera kumbuyo. Titangozungulira chizindikiro choyandama cha mbali yochokera mphepo, mnyamata wina amene wangochoka kumene ku ILCA 6, gulu la thanga locheperako, anagubuduzika patsogolo panga, mlongoti wake n'kuthyoka, iyeyo n'kulekana ndi bwato lake. Ndinaponya maso uku ndi uku kufuna boti lopulumutsira anthu, koma lomwe linalipo linali kutali, likuthandiza ena. Boti lachiwiri linali litatsala pagombe kuyambira m'mawa chifukwa injini yake inakana kulira, ndipo akomiti yoyendetsa mpikisano anatitulutsabe akudziwa zimenezi.

Ndinasiya mpikisano n'kumubwerera, pakuti lamulo loyamba lenileni m'buku la World Sailing, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, limatilamula kuthandiza aliyense amene ali pangozi. Kumukweza munthu wotopa, wozizidwa komanso womwa madzi m'kabwato kopangidwira munthu mmodzi si ntchito yamasewera, ndipo pamene ankagwira lamba wa mapazi manja ake anali atauma moti ndinachita kumukoka ndi jekete lake loyandamitsa. Tinayandama choncho kwa nthawi yaitali boti lija lisanatipeze.

Madzulo ndinakapempha kuti andibwezere mapointi, ndipo oweruza anandipatsa avereji ya mipikisano yanga ina popanda kuvuta. Pamenepo ndilibe dandaulo. Chimene chikundiwawa n'chakuti pa msonkhano wa m'mawa mwake mkulu wa komiti anangonena kuti onse anabwerera ali bwino, osatchulako za injini ija, ngati kuti mnyamatayo anapulumuka chifukwa cha dongosolo lawo. Timalipira ndalama zolowera, timadzinyamulira tokha mabwato, timatha miyezi tikulimbitsa ntchafu ndi msana, choncho kupempha kuti maboti opulumutsira anthu akhale okwanira, kapena kuti mbendera yoimitsa mpikisano ikwezedwe ngati sakukwanira, si kupempha zambiri.

Lachisanu mphepo inatsika ndipo tinamaliza mwabata, ine thupi lonse likuphwanya. Ndalembera kalata okonza mpikisanowo, anzanga angapo asayinira, ndipo tawauza kuti sitidzalembetsanso chaka chamawa pokhapokha atatiuza pasadakhale chiwerengero cha maboti amene adzakhale pamadzi.