Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Sailensa ya ndege ya amalume

M'gawo lathali ndinakusiyani nditangotsika basi pa Dedza boma, zovala zili m'jumbo, mayeso a fomu 4 atandikana. Mayi ananditumiza kwa alongo awo kuti ndikaphunzire kuwotcherera zitsulo m'malo momangokhala pagolosale kumudzi. Chimene sanandiuze, kapena ankachita nacho manyazi, n'chakuti kuseri kwa galaja ya amalumewo kunali ndege.

Ndikati ndege musaganize zija zimatera ku Lumbadzi. Iyi inali mafupa okhaokha: mapaipi owotcherera, matayala atatu a wilibala, mpando umodzi, ndipo kumbuyo kwa mpandowo injini ya Volkswagen Beetle ya 1600 cc, pulopela yake yoyang'ana kumbuyo. Mapiko anali adakali papepala. Amalume anagwira umakaniko ku Joni zaka zambiri, ndipo kumeneko ndi kumene ankaona anthu akudzimangira tindege m'magalaja mwawo Loweruka. Pobwerera kumudzi anzawo anatenga mawailesi ndi masuti, iwo anatenga injini ndi mulu wa magazini. Ankati ma Beetle ankapangidwa ku Uitenhage, tawuni ya ku South Africa komweko, mpaka 1979, moti injini zake zinali mbwee, ndipo omanga ndege amazikonda chifukwa sizifuna madzi, zimazizira ndi mphepo basi.

Nthawi imene ndinafika, injiniyo inalibe sailensa. Pasilinda iliyonse panali kapaipi kotalika ngati chikhatho, tinayi tonse pamodzi. Tinkamanga ndegeyo ndi chingwe kumtengo wa bulugamu, ine n'kuponda tayala, amalume n'kupukusa pulopela ndi dzanja. Ikalira! Inu amene munakhalako ku Dedza mukudziwa m'mene phokoso limayendera m'mawa wa mu Juni, chifunga chili gwaa kuphiri. Mano ankachita kuyabwa m'kamwa. Tinkailiza mphindi zitatu kapena zinayi zokha kuopa kuti ingatenthe, koma mphindi zimenezo zinkakwanira kudzutsa makanda onse a m'deralo. Azakhali ankati nkhuku zawo zasiya kuikira. Anyamata a kumsika ankandiseka kuti ndege zenizeni za kwathu kuno ndi za lichero, zimauluka usiku popanda ndi galu yemwe kuuwa, pamene yathu imamveka mpaka ku Bembeke koma osadzuka pansi.

Tsiku lina tinailiza osadziwa kuti kutsidya kwagwa maliro. Madzulo ake kunabwera mthenga wa anyakwawa. Amalume anapita atanyamula nkhuku, imodzi mwa zosaikira zija, ndipo anabwerako atalonjeza kuti sabata ziwiri zisanathe ndegeyo ikhala ndi sailensa.

"Mphwanga," anatero, "iwe wati manja ako ayamba kukhazikika. Ntchito ndi imeneyi. Koma isalemere."

Mawu akuti isalemere ankawanena pa chilichonse. Bawuti iliyonse ankayamba aipima pa sikelo yogulitsira mbatata. Ndinkaona ngati ndi kuuma mtima, koma anali ndi chifukwa. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo injini yopanda turbo (kachipangizo kopanikizira mpweya mu injini) imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse ukakwera mamita 300, poti mpweya umapepuka. Ndiye kuti injini imene ku Nsanje ingapereke mahatchi 50 (hatchi ndi muyeso wa mphamvu ya injini), kwathu kuno imapereka 42 kapena 43. Kilogalamu iliyonse inali mdani.

Ndinapinda mapaipi anayi, n'kuwalowetsa m'kamgolo kamodzi ka chitsulo chopyapyala, m'kati mwake ndinaikamo timalata tiwiri tobowolabowola toti utsi uzikhotakhota usanatuluke. Kenako ndinachita chimene pa nthawiyo ndinkachiyesa nzeru. Poopa kuti kamgoloko kangagwe, ndinakawotcherera ndi zogwirira ziwiri zolimba kuthupi la ndegeyo. Ndinakagwedeza ndi manja onse awiri, osasuntha ngakhale pang'ono. Usiku umenewo ndinagona ngati injiniya.

Kuliza koyamba phokoso linatsikadi, azakhali mpaka anatuluka m'khitchini kudzaona ngati injini yazima. Kuliza kwachitatu tinamva kamawu kena, ngati munthu akutsokomolera m'chitini. Itazizira tinapeza kamzere kakuda ka mwaye pafupi ndi pamene paipi imalumikizana ndi mutu wa injini. Mng'alu. Ndinawotchereranso, ulendo uno mokhuthala, n'kuphatikapo kachigamba. Inang'alukanso, osati pachigambapo, koma m'mphepete mwake mwenimweni. Ndinawonjezera chigamba china. Pofika sabata yachiwiri paipiyo inkaoneka ngati kabudula wa mwana woweta ng'ombe.

Tsiku limene sindidzaliiwala, chogwirira chimodzi chinathyoka injini ili pakati polira, kachidutswa n'kulowa mu pulopela. Tinangomva kuti phwa! Ndege yonse inayamba kudumpha ngati yagwidwa ndi vimbuza. Amalume anazimitsa msanga. Nsonga ya pulopela inali itachoka, tinakaitola kudimba la kabichi la anthu oyandikana nafe. Pulopela imeneyo anaisema miyezi iwiri kuchokera ku matabwa omata ndi guluu. Sanandikalipire. Anangokhala pa tayala n'kuyamba kupichira fodya, ndipo ine ndikanakonda akanandimenya.

Amene anatimasula sanali munthu wa ndege ayi. Anali bambo wina wachikulire wa chigayo cha dizilo cha ku Linthipe, amene anabwera kudzawotcheretsa sefa. Podikira anazungulira kuseri, manja ali kumbuyo. Anakankha injini ndi chala, inagwedera pa malabala ake. Anakankha sailensa, njii.

"Wamanga ndani ichi?"

"Ndine, bambo."

"Mwana wanga, injiniyi ili pa labala, ikuvina. Sailensa waikhomerera kuchitsulo, yaima. Nanga paipi ili pakatiyi imvere ndani?"

Anatiuza kuti kuchigayo kwake paipi yotulutsa utsi kudzera pakhoma inkathyoka chimodzimodzi mpaka ataikapo kachigawo kopindika pakati. Amalume anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Usiku umenewo tinatsegula magazini aja pa nyali ya koloboyi, ndipo zinthuzo zinalimo, zithunzi zake zooneka bwinobwino. Zaka zonsezo iwo ankangoyang'ana mapiko.

Nkhani yake ili pawiri. Koyamba ndi kuvina kuja: injini ikamalira imagwedezeka kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo chitsulo ukamachipinda uku ndi uku, ngakhale pang'ono pokha, chimatopa ngati waya amene ana amadula popanga magalimoto. Chimathyokera pamene pofewa pakumana ndi polimba, n'chifukwa chake chigamba changa chilichonse chinkangosamutsa mng'alu. Kachiwiri ndi moto. Utsi umatuluka mu silinda uli ndi kutentha kopitirira madigiri 700, ndipo paipi yachitsulo ya mita imodzi ikatentha ndi madigiri 500 imatalika ndi mamilimita pafupifupi 6. Ine ndinali nditaitsekera mbali zonse ziwiri, yopanda kolowera.

Tinadula zogwirira zanga zija. Sailensa tinaipachika pa injini yeniyeniyo kuti zizivinira limodzi. Paipi iliyonse tinaidula pakati, mbali ina n'kuikuza pang'ono kuti inzake izilowa m'kati momasuka, kenako n'kuzikoka ndi masipuling'i awiriawiri a mabuleki a galimoto. M'kati mwa sipuling'i iliyonse amalume anapisamo waya n'kumumanga molekerera, kuti ikaduka isapite kukasema pulopela ina. Masiku ano ndikamaona pafoni zithunzi za injini za Rotax, zopangidwa ku Austria, zimene tindege tambiri tating'ono timagwiritsa ntchito, ndimaseka ndekha: mfundo zozungulira, masipuling'i, waya m'kati mwake. Iwo amagwiritsa ntchito chitsulo chosachita dzimbiri, ife tinali ndi mapaipi otola, koma nzeru yake ndi ya bambo wa chigayo yemwe uja.

Apa ndipatuke pang'ono. Mng'alu wa ekizozi pandege si nkhani ya phokoso lokha. Tindege tambiri tokhala ndi kanyumba kotseka timatenthetsa m'kati ndi mpweya wodutsa pamwamba pa sailensa, ndipo pakakhala mng'alu, mpweya wa carbon monoxide umalowa kwa woyendetsa. Sununkha, suoneka. Ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nyengo yozizira, zimene ife a ku Dedza sitichita kuuzidwa. Yathu inali ya pamtetete, koma amalume ankayenderabe mfundo iliyonse ndi chala kufuna mwaye.

Pulopela yachiwiri inatenga miyezi inanso iwiri. Imeneyi sitinaimange msanga. Tinaipisa kachitsulo pakati n'kuikhazika pa mipeni iwiri yoyang'ana m'mwamba, ndipo mbali imodzi inkangotsikira pansi nthawi zonse. Tinapaka vanishi mbali yopepukayo, kudikira kuti aume, kuyesanso, mpaka inayamba kuima paliponse pamene taisiya. Nditakhala pampando tsiku loiliza, kwa nthawi yoyamba ndinatha kuwerenga manambala a pa geji injini ikulira. Amalume anali atamangirira sikelo ya mbatata ija pakati pa chingwe kuti aone m'mene ndege ikukokera. Singano inatsika pang'ono poyerekeza ndi nthawi ya timapaipi tija, ndipo anadandaula sabata yathunthu kuti sailensa yawadyera hatchi.

Phokoso silinathe. Kuphulika kuja kunapita, koma panatsala kulira kwina, kokhala ngati kung'amba nsalu. Kumeneko kunali kwa pulopela. Yathu inali ya mamita 1.4, ndipo ikamazungulira ka 3,200 pa mphindi nsonga zake zimathamanga kupitirira makilomita 800 pa ola. Pamenepo palibe sailensa ingathandize.

Anyakwawa anabwera okha kudzamvera. Anaima patali, ndodo ili m'manja, mpaka injini itazima. Anagamula kuti tisamailize Lamlungu, pa maliro, ndiponso dzuwa lisanatuluke kuphiri. Atatsala pang'ono kunyamuka anafunsa ngati tsiku louluka padzakhale malo a munthu wachiwiri, poti ali ndi mlandu wa malo ku Lilongwe. Amalume anayankha kuti, "Mfumu, tiyambe tapeza mapiko."

Azakhali anamva zimenezo ali pakhomo la khitchini, ndipo madzulo omwewo anakiya sutikesi imene ankasungamo nsalu zawo zoyala pabedi. Za nsalu zimenezo ndi za m'gawo 10.