Patenti yathu yapulumuka, zikomo Mayi loya

Abale ndi alongo, chigamulo chatuluka. Majaji atatu a PTAB, bwalo lomva mikangano ya mapatenti kuno ku America, akana kufafaniza patenti (chikalata cha boma choteteza umwini wa chinthu chatsopano chomwe munthu wapanga) ya kachipangizo kathu kodziwitsa madzi akamadontha m'mapaipi. Ndalira misozi yeniyeni. Ambuye alemekezeke.

Mukudziwa kale mmene zinayendera. Ife tinakasumira kampani ina kukhoti kuti yatikopera, kampaniyo n'kuthamangira ku USPTO, ofesi ya boma yoona za mapatenti komwe kuli bwalo la PTAB, ku Alexandria, Virginia, kukanena kuti zomwe tinapanga si zatsopano. Mlandu wa kukhoti unaima. Lamulo la 2011 limapatsa majaji miyezi 12 kuti agamule akavomera kumva nkhani yotere, ndipo miyezi imeneyo ine tulo ndinalibe.

Koma Mayi loya athu! Sindikudziwa poyambira. Mayiwa anakhalapo jaji pabwalo lomweli asanatule pansi udindo n'kuyamba kuimira anthu pa milandu ya mapatenti. Asanavomere kutithandiza anayamba afufuza ngati sanaigwirepo nkhani yathu ali pampando, poti lamulo silikanawalola. Kenako anatenga chimulu cha mapepala omwe ndinalemba ndili ndi mkwiyo, odandaula za kuberedwa, n'kuchiika pambali. Anandiuza mosapsatira kuti pabwalo lija safunsa yemwe wabera mnzake. Amaika patenti yako pafupi ndi mapatenti akale ndi zolemba zomwe zinasindikizidwa kale, n'kuona ngati pali chatsopano. Zinandiwawa kumva, koma tinakhala pansi, mzere ndi mzere, mpaka tinapeza pomwe kachipangizo kathu kakusiyana ndi zakalezo.

Tsiku lomva mlandu jaji wina ankawadula mawu pafupipafupi. Mayi sanatekeseke. Amasiya zomwe akunena, kuyankha funsolo molunjika, kutchula tsamba lomwe pali umboni. Munthu wakuti anakhalapo mbali inayo ya tebulo amadziwa chomwe wofunsayo akufuna.

Ndalama zitatithera anavomera kuti tizilipira pang'onopang'ono. Mayi, Mulungu akubwezereni, ine sindingathe.

Mayi a kunyumba, zikomo pogwira mashifiti a usiku osadandaula, ana osagona ndi njala. Amayi anga ku Zomba, za patenti simukuzidziwa koma munasala kudya Lachisanu lililonse. Anzanga a kumpingo munasonkha kangachepe, ndinaona dzina lililonse. Enanu amene munkati tingogulitsa chifukwa munthu wakuda sangalimbane ndi kampani yotere kuno, kenaka foni osayankhanso, nkhaniyi muiwerenga pompano.

Ndibwererenso kwa Mayi loya. Usiku wina nditataya mtima ndinawalembera kuti tingozisiya. Anaimba nthawi yomweyo, osandinyengerera, anangondiwerengera mfundo zathu imodziimodzi mpaka mtima unakhala pansi.

Sizinathe ayi. A kampani ija akhoza kuchita apilo ku khoti la apilo la Federal Circuit ku Washington, ndipo mlandu wa kukhoti uja uyambiranso, ngakhale mfundo zomwe agonja nazozi saloledwa kukazibwereza pa mlandu woyambiransowo. Musasiye kutipempherera. Lolemba ndikukakumana ndi Mayi kuti tikonzekere.