Mmene ndinayendera nditaona kachilonda kumaliseche

Kachilonda kake kanali kamodzi, kozungulira, kolimba mmbali ngati batani la shati ndipo sikankapweteka olo pang'ono. Kusapwetekako ndi komwe kunandiopsa, chifukwa ndinali nditamvapo kuti chindoko chimayamba chonchi, pakatha masabata ngati atatu chigonereni ndi munthu amene ali nacho, kenako chilondacho chimapola chokha iwe nkumati zatha pomwe matenda angolowa mmagazi. Nde sindinadikire kuti kapole, ndinapita kuchipatala kakuonekabe. Ndikulemba izi chifukwa cha inu amene mukuvutika chamumtima, manyazi akukukanikitsani kupita.

Polembetsa simufunika kufotokoza zonse anthu akumva ayi, ine ndinangoti ndili ndi vuto lofuna kukamba ndi adokotala ndipo zinathera pomwepo. Mafunso enieni ali mkati chitseko chitatsekedwa. Anesi anandifunsa kuti chinayamba liti, ngati ndikumva kuotcha pokodza, ngati kukutuluka mafinya, ndagonana ndi anthu angati miyezi yapitayi, kondomu ndimavala kapena ayi, komanso ngati penicillin anandiwengapo. Ndinayamba kuyankha monong'ona nde iwo anangoti "achimwene masukani, izi timaziona tsiku ndi tsiku." Apa chonde nenani zoona, mankhwala amene akupatseni akudalira mayankho anuwo. Atatero anavala magolovesi nkuona chilondacho, nkusisita mphechepeche kufufuza mwanabere, anampezadi mbali imodzi. Sizinatenge nthawi.

Kenako magazi. Amangobaya chala, timadontho pa kachipangizo koyezera, mphindi ngati 20 zotsatira zatuluka. Anandipempha kuti ayezeretu ndi HIV ndipo ndinavomera, poti chilonda chakumaliseche chimatsegulira njira kachilomboko. Chindoko chinapezeka, HIV ayi, koma anandiuza kuti ndidzabwerenso pakatha miyezi itatu chifukwa ngati munthu wangotenga kumene kachipangizoko kamatha osaona kanthu. Kudikira kumeneko sikophweka, tulo timavuta, koma ndi bwino kudziwiratu kusiyana nkumangoyenda ndi chitsimikizo chabodza.

Jakisoni wake ndi benzathine penicillin, wa pathako, mankhwala okhuthara olowa pang'onopang'ono ndipo amawawa ndithu, mwendo unalemera tsiku lonse. Poti changa chinali chongoyamba anandibaya kamodzi basi, chikakhalitsa mthupi amabaya katatu, kamodzi pa sabata. Usiku wake ndinamva kuzizidwa ndi mutu, mwamwayi anali atandichenjeza kale kuti ena zimawachitikira tsiku loyamba mankhwala akamapha tizilomboto, mawa lake zinali zitatha. Lamulo linali loti osagonana mpaka chilonda chitapoleratu, masiku 7 atadutsa, komanso mnzangayo atalandira wake.

Apa nde panali povuta kuposa jakisoni, kumuuza mnzanga. Ndinayeserera mawu njira yonse, pomaliza ndinangonena mmene zilili, kuti andipeza ndi chindoko, chimachizika, ndabayitsa kale ndipo iwenso ukufunika kupita olo sukumva kalikonse. Analira, anakwiya, ndipo funso loyamba linali loti wabweretsa ndani. Funso limeneli nthawi zambiri palibe angaliyankhe motsimikiza chifukwa chindoko chimatha kukhala phee mthupi zaka, ndipo kwa akazi chilondacho chimatha kutuluka mkati mosaoneka nkupola iwo osadziwa. Chinzonono ndi chlamydia nazonso akazi ambiri samva chizindikiro chilichonse mpaka zitaononga machubu a chiberekero munthu nkumadzavutika kupeza mphatso. Mukabisa ndiye kuti mwachira nokha mawa nkutenganso kwa yemweyo, ndipo ngati ali woyembekezera chindoko chimapita kwa mwana, mimba imatha kupita padera kapena mwana kubadwa atafa kale. Zimenezi zimandiwawa kwambiri chifukwa jakisoni yemwe uja akanapulumutsa mwanayo. Tinapita limodzi, ndinamudikira panja.

Za makapusozi ogula mongoganizira kapena otsala a mnzanu zisiyeni abale anga. Mafinya atha kusiya koma matenda alipobe, ndipo chinzonono chayamba kale kukana mankhwala ambiri mmaiko osiyanasiyana chifukwa cha kamwedwe kotere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati tsiku lililonse anthu oposa 1 miliyoni amatenga matenda opatsirana pogonana ochizika, nde simuli nokha pa mzere umenewo.

Pa kupewa anandifotokozera mwachidule. Kondomu kuyambira poyamba mpaka pomaliza osati kuvalira pakati, ngakhale siphimba khungu lonse nde chilonda kapena njerewere zikakhala pambali mutha kutengabe, mukaona chilonda pa inu kapena pa mnzanu dikirani kaye. Kondomu ikaphulika kapena mwagwiriridwa pali PEP, mankhwala adzidzidzi oteteza ku HIV, ayambidwe maola 72 asanathe ndipo amamwa masiku 28. PrEP, mankhwala olandiriratu musanakumane ndi kachilombo, amateteza ku HIV yokha, chindoko ndi chinzonono ayi, ambiri amasokoneza pamenepa. Katemera wa kachilombo ka HPV kwa atsikana a zaka 9 mpaka 14 amateteza khansa ya khomo la chiberekero, wa matenda a chiwindi a hepatitis B aliponso.

Nditabwerera patatha miyezi itatu ija HIV sinapezeke ndithu. Chinthu china anandiuza tsiku limenelo, kachipangizo ka pachala kaja kamatha kumaonetsabe chindoko moyo wonse ngakhale unachira, nde sungani pepala lolembedwa tsiku lomwe munabayitsa ndi dzina la mankhwala, mukadzayezetsanso kwina muwaonetse kuti adziwe ngati akufunika kuyeza magazi mwanjira ina. Komanso kuchira sikukupatsani chitetezo, chindoko munthu amachitenganso kachiwiri, nde zidzolo zosayabwa zikadzatuluka mmanja kapena kuphazi pitani msanga akakuoneni.