Zikomo kwa amayi a ku dziwe la Kenwood

Sabata ino ndakwanitsa chaka chathunthu ndikusambira m'dziwe la amayi la Kenwood, lomwe lili m'nkhalango ya Hampstead Heath kumpoto kwa mzinda wa London, ndipo m'chaka chonsechi palibe mwezi umene unadutsa ndisanalowe m'madzi, ngakhale mwezi wozizira kwambiri wa Januwale. Sabata yomweyi madokotala andiuza kuti zotsatira za kupimidwa kwanga zili bwino, patatha zaka ziwiri chichitireni opaleshoni ya khansa ya m'mawere. Abale ndi anansi, a kumudzi ndi a kuno ku Britain, ndinakuthokozani kale m'makomo ndi kutchalitchi chifukwa cha mapemphero, chakudya ndi maulendo a kuchipatala, ndipo sindidzaleka kutero. Lero ndikufuna kuthokoza anthu ena amene ambiri a inu simuwadziwa. Ndasankha kuwathokoza m'chinenero chathu komanso pamaso panu, chifukwa kwathu munthu akakuchitira zabwino umazinena pagulu, kuti abale ako adziwe amene anakusunga pamene iwo anali kutali.

Ndinakulira ku Nkhotakota, kumene mwana amadziwa kusambira asanadziwe kulemba dzina lake, ndipo amayi ankangotiletsa kulowa m'nyanja masiku a mwera okha. Koma chibwerereni kuno, ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri ya usiku, inandidyera zaka pafupifupi makumi awiri osaviika ngakhale phazi m'madzi otakasuka. Nditamaliza kulandira mankhwala amphamvu aja ndinatsala munthu wofooka, tsitsi litasosoka, mkono wamanzere wosakwezeka bwino, tulo tosabwera, ndipo chomwe chinkandipweteka koposa chinali chakuti ndinkaopa kudziyang'ana pagalasi. Mayi wina amene tinkakumana naye pa gulu la odwala anzathu ndi amene anandiuza za dziweli, nandikakamiza mofatsa kwa milungu ingapo. Ndinayamba ndafunsa dokotala wanga, ndipo atandilola bala litapola, ndinapita. Mayi ameneyu ndiye woyamba kumuthokoza.

Tsiku loyambalo, m'mwezi wa Juni, ndinatsika kanjira ka Millfield Lane mtima ukugunda. Pachipata pali chikwangwani choletsa abambo kupitirira pamenepo, ndipo mkati, pafupi ndi pokhala opulumutsa anthu m'madzi, panali bolodi lolembedwa ndi choko kuti madzi afika madigiri 19. Chimene ndinkachiopa kwambiri sanali madziwo ayi, koma chipinda chovulira. Ndinaima pakona nditadzikulunga chitenje, ndikulimbana ndi zovala mobisa kuti wina asaone chipsera chomwe chili pachifuwa panga. Pambali panga panali mayi wa imvi, woti akhoza kundibala, akudzipukuta mosatekeseka uku akucheza ndi mnzake za mbewu za m'dimba lake, ndipo nditakweza maso ndinaona kuti nayenso anali ndi chipsera ngati changa, chakale, chofufuma. Anaona kuti ndaona. Sanandifunse za matenda, sanandimvere chisoni, anangondimwetulira n'kundiuza kuti makwerero otsikira m'madzi amaterera, ndigwire ndi manja onse awiri. Ndinamasula chitenje chija pomwepo. Amayi inu, dzina lanu ndinalidziwa patapita miyezi, ndipo pano sindilitchula, koma dziwani kuti zimene munandichitira mmawa umenewo palibe mankhwala akanandichitira.

Madzi a dziweli si oyera ngati a nyanja yathu. Ndi obiriwira modera, amanunkhira matope ndi masamba, ndipo ndi akuya moti phazi silifika pansi paliponse, n'chifukwa chake amalola okhawo odziwa kusambira. Mitengo yalizinga mbali zonse, abakha amakudutsa pamphuno osakulabadira, ndipo phokoso la mzinda silifikako. Ndinasambira pang'ono chabe mpaka pa chogwirira choyandama choyamba, ndinachikolowola, ndipo ndinalira. Mkono umene ndinkauona ngati wakufa uja unali utakumbukira wokha ntchito imene unaphunzira ndili mwana.

Chilimwe chitatha, anthu ambiri analeka kubwera, ndipo ine ndinkaganiza kuti nanenso ndilekera pomwepo. Amene anandigwira dzanja ndi amayi osambira chaka chonse, ambiri a iwo achikulire kuposa ine. Anandiphunzitsa kuti munthu wofuna kusambira m'nyengo yozizira sayambira m'nyengoyo, koma amapitiriza kubwera kawiri kapena katatu pa sabata kuchokera pamene madzi akadali ofunda, kuti thupi lizolowere pang'onopang'ono pamene nambala ya pabolodi ikutsika. Anandiphunzitsa kutsika makwerero mofatsa osadumpha, kutulutsa mpweya pamene madzi afika pachifuwa chifukwa kuzizira kumabanika munthu, kutuluka ndisanayambe kumva kukoma, ndi kuvala msanga kuyambira kumtunda, popeza kunjenjemera kwenikweni kumabwera utatuluka kale. Wina anandipatsa chipewa chaubweya choluka yekha, wina masokosi osambirira amene anati sakuwagwiritsanso ntchito, ngakhale ndikukhulupirira kuti anachita kundigulira. M'Januwale, tsiku lina bolodi litalembedwa madigiri 4, zala zanga zinakanika kumanga zingwe za nsapato, ndipo mayi amene sindinkamudziwa n'komwe anagwada pansi pozizira n'kundimangira, wina akundigwirizira kapu ya tiyi wa m'fulasiki yake kukamwa.

Ndikuthokozanso opulumutsa anthu m'madzi, amene amaima pathabwa lija mvula ndi mphepo, maso ali pa mutu uliwonse umene uli m'dziwe. Tsiku lina m'Disembala ndinafuna kuzungulira kachiwiri chifukwa ndinkadzimva wamphamvu, koma mmodzi wa iwo anandiitana mwamphamvu kuti ndituluke nthawi yomweyo. Ndinatuluka nditakhumudwa, koma nditafika pa benchi miyendo inagwedezeka moti sindikanatha kuima, ndipo ndinazindikira kuti iye anaona zimene ine sindinkazimva. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mtsikana ameneyu, ngakhale ndi wamsinkhu wa mwana wanga, ndimamulemekeza ngati mlangizi.

Kwa miyezi yambiri ndinkaganiza kuti dziweli langokhalapo, monga momwe nyanja yathu ilili, yosafuna munthu woti aimenyere nkhondo. Maso anga anatseguka pamene ndinapita ku msonkhano wa bungwe la osambira, la Kenwood Ladies' Pond Association, lomwe linakhazikitsidwa mu 1985. Kumeneko ndi m'macheza a pambuyo pake ndinamva mbiri imene inandichititsa kulemba mawu ano. Maiwe a pa Hampstead Heath anachita kukumbidwa ndi anthu, n'kutchingira madzi, m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, pa magwero a mtsinje wa Fleet, kuti asunge madzi a anthu a mu London. Nkhalango yeniyeniyo ikanatha kale, chifukwa mwini malo wa nthawi imeneyo, Sir Thomas Maryon Wilson, analimbikira kwa zaka zambiri kuti amangepo nyumba, koma anthu anakana mpaka lamulo la mu 1871 linateteza malowa kuti akhale a aliyense. Dziwe la abambo la Highgate linatsegulidwa mu 1893, la amayi linatsatira m'zaka za m'ma 1920, ndipo palinso lachitatu limene abambo ndi amayi amasambira limodzi. Kuyambira mu 1989 malo onsewa akuyendetsedwa ndi City of London Corporation, khonsolo ya dera lakale la pakati pa mzinda wa London.

Mu 2004 oyendetsa malowa anabwera ndi maganizo otseka ndi kuchepetsa kusambira m'maiwe, ponena za kuchuluka kwa ndalama zoyendetsera ndi kuopsa kwa ngozi. Osambira a maiwe onse atatu anagwirizana, analemba makalata, anachita misonkhano, ndipo nkhani inamveka m'manyuzipepala a dziko lonse. Gulu la osambira m'nyengo yozizira, la Hampstead Heath Winter Swimming Club, linakasuma ku Khoti Lalikulu pofuna kuti mamembala ake aloledwe kusambira mmamawa m'dziwe la onse popanda opulumutsa. Mu Epulo 2005 woweruza Stanley Burnton anagamula mowakomera, ponena kuti munthu wamkulu amene wasankha yekha kusambira akudziwa kuopsa kwake ali ndi ufulu wotero, ndipo oyendetsa malowa sangazengedwe mlandu chifukwa chongomulola. Chaka chimenecho ine ndinali nditangofika kumene m'dziko lino, sindinkadziwa kuti ku London kuli dziwe lililonse, komabe anthu amenewa ankatsegula chipata chimene ndinadzalowera ine nditadwala.

Nkhondo yachiwiri yomenyera maiwewa sinathe bwino chotero, ndipo ndiyo imandikhudza kwambiri. Kuchokera mu 2005 panali mtengo wa mapaundi awiri, koma munthu ankalipira mwa chikumbumtima chake, popanda womuimitsa pachipata. Mu 2020 oyendetsa malowa anagamula kuti kulipira kukhale kokakamiza, ndipo mtengo unakwera kufika pa £4 kwa akuluakulu ndi £2.40 kwa ochotseredwa mtengo, amene kale ankalipira paundi imodzi. Chifukwa chimene anapereka chinali chakuti ndalama zoyendetsera maiwe zakwera, makamaka atalangizidwa kuwonjezera opulumutsa pambuyo pa imfa ya wosambira wina m'dziwe la abambo mu 2019. Mabungwe a osambira anatsutsa, ponena kuti oyamba kutsalira kunja adzakhala osauka, olumala ndi odwala. Mayi wina wolumala, membala wa bungwe lathu, anatengera nkhaniyi ku Khoti Lalikulu mothandizidwa ndi bungweli komanso ndalama zimene anthu anasonkha, koma mu 2022 khoti linagamula mokomera oyendetsa malowa.

Ine sindinganene kuti opulumutsa azigwira ntchito yaulere, pakuti ndaona ndi maso anga phindu lawo, ndipo ndikudziwa kuti kusamalira madamu ndi kupima madzi kumadya ndalama. Koma ndikudziwanso zimene zimachitika m'nyumba pamene wopezetsa chakudya wagona miyezi yambiri osagwira ntchito. Panali masabata amene ndinkawerenga makobiri kuti ndione ngati akwanira basi ndi dziwe, ndipo nthawi zimenezo ndinkakumbukira kuti panali mayi wodwala kuposa ine amene analolera kutopa ndi mapepala a kukhoti ndi kutchulidwa m'manyuzipepala, n'cholinga choti munthu ngati ine asabwezedwe pachipata. Mlandu anagonja, koma funso loti kodi wosauka asambira bwanji silinachokenso pa tebulo la misonkhano. Kwa mayi ameneyu, kwa maloya ake, ndi kwa aliyense amene anaponya kangachepe m'thumba la mlanduwo, ndikuti zikomo kwambiri.

Ntchito yambiri ya bungweli si ya kukhoti, ndipo siioneka. Pali amayi a m'komiti amene salandira malipiro, koma amakhala pa misonkhano yaitali ndi oyang'anira nkhalangoyi kukambirana za maola otsegulira, za njira yofikira anthu oyenda pa njinga za olumala, za mashawa, za kulembetsa malo m'chilimwe pamene anthu achuluka. Pali amene amalemba kalata ya nkhani ya mamembala, amene amatichenjeza madzi akapezeka ndi vuto, ndi amene anakhala tcheru m'zaka za 2015 ndi 2016 pamene madamu a pa Hampstead Heath ankalimbitsidwa ndipo nyumba yovulira ya dziwe lathu inamangidwanso. Pali amene amaphika makeke a tsiku la Chaka Chatsopano, pamene dziwe limadzaza ndi amayi ovala zipewa zamitundumitundu. Chaka chino ndinali mmodzi wa iwo, ndipo ndinaimba nawo mano akugundana. Ndikuthokozanso mabungwe anzathu a dziwe la abambo ndi dziwe la onse, amene amaima nafe limodzi nkhani ikavuta, komanso antchito a m'nkhalango amene amadula nthambi zakugwa ndi kukonza njira tisanadzuke.

Ndisasiye mawu amodzi kwa amayi anzanga owerenga: madzi ozizira sanachize khansa yanga. Anandichiza ndi Mulungu kudzera m'manja a madokotala ndi anamwino, chifukwa ndinapita msanga nditamva chotupa, ndipo ndikukupemphani kuti nanunso musazengereze. Dziwe linandibwezera tulo, njala ya chakudya, mphamvu ya mkono, ndi kulimba mtima kovula pamaso pa anthu.

Kwa mwana wanga wamkazi, amene miyezi yoyambirira ankadzuka mdima ulipo kundiperekeza ndi kundinyamulira chikwama, nakhala pa udzu atafunda bulangete kundidikira, ndilibe mawu okwanira. Kwa amayi anga ku Nkhotakota, amene poyamba ankandikalipira pa foni kuti munthu wochira kumene salowa m'madzi oundana, koma tsopano amayamba ndi kufunsa kuti lero bolodi lalembedwa madigiri angati, zikomo pondilola ndi pondiphunzitsa kusambira poyamba paja.

Ndalipira umembala wanga wa chaka chachiwiri, ndipo ndauza a komiti kuti masiku amene sindili pa ntchito ndili wokonzeka kuthandiza kulandira amayi obwera koyamba, makamaka ochokera kuchipatala monga ndinachokera ine. Mwana wanga walonjeza kuti awamasulira amayi a ku dziwe mawu onsewa m'Chingerezi. Loweruka likubwerali ndidzafika mmamawa ndi beseni la mandasi ndi fulasiki yaikulu ya tiyi, ndipo tidzakhala pa udzu wa kumtunda kwa dziwe tikatuluka m'madzi. Mayi aliyense wa kwathu amene ali ku London ndipo amadziwa kusambira, abwere ndi chovala chosambirira ndi thawulo, adzandipeza pachipata.